Madzi a Misomali a Amalume

Pawindo la chipinda cha amalume anga ku Troyeville, ku Joni, pankakhala botolo lalikulu la kukamwa kotambalala, lija limabwera ndi mayonezi. M'kati mwake munali viniga, misomali yakale ndi kawaya kokwechera mapoto. Kukamwa kwake ankamangako kansanza ndi mphira. Dzuwa la masana likalowa, madziwo ankawala mofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo timathovu tinkanyamuka pamisomali n'kumakwera pang'onopang'ono, kamodzikamodzi. Ndinkatha kukhala pabedi n'kumatiyang'ana mpaka kuiwala chimene ndabwerera.

Chimene ndinkabwereracho chinali chimodzi. Amayi anga kumudzi ku Ntcheu ankafuna kuona mlongo wawo asanatsikire kuli chete. Amalumewo anachoka kwathu ine ndisanabadwe, ulendo wa kumigodi, ndipo sanabwererenso ngakhale pamaliro a makolo awo. Anali mtchona weniweni. Amayi miyendo inali itayamba kutupa, maso nawo akuchita chidima. Ndikawaimbira foni ankandifunsa za moyo mothamanga, ngati munthu wolumpha ngalande, kuti afike msanga pa funso lawo lija lakuti achimwene abwera liti. Zinkandipweteka, sindibisa. Nthawi zina ndinkachita nsanje ndithu ndi munthu amene anawasiya ali mtsikana.

Ine ndinkagwira ntchito ya m'nyumba ku Midrand, m'nyumba zija zozunguliridwa ndi mpanda wamagetsi, kumene ngakhale agalu amauwa mwaulemu. Lamlungu ndinkapuma. Ndinkakwera tekisi m'mamawa, kupemphera ndi anzathu a kumudzi m'tauni, kenako n'kukwera mtunda wapansi kupita kwa amalume. Anthu a kutchalitchiko ndi amene anandilozera kumene ankakhala, chaka chimene ndinafika ku Joni. Ndinapeza nkhalamba yaitali, yowonda, yolankhula Chichewa chakale chosakaniza ndi Chizulu ndi chinenero cha kumgodi. Atandiyang'ana anati ndili ndi chipumi cha amayi anga, n'kulowa m'nyumba kukawiritsa madzi. Anakhalitsa m'nyumbamo kuposa nthawi imene ketulo imafuna.

Lamlungu lililonse ndinkawapatsa uthenga wa amayi, ndipo Lamlungu lililonse yankho linali lomwelo, lakuti akangomaliza bokosi anyamuka. Masiku awo munthu wochokera ku Joni sankatsika basi ndi jumbo m'manja monga timachitira ife. Ankafika ndi bokosi lalikulu lofuna anthu awiri, ndipo madzulo mbumba yonse inkasonkhana pakhonde kudzaona likutsegulidwa. Munkatuluka mabulangete, nsalu, zipewa, sopo wonunkhira, aliyense kalikonse kake. Amalume anaziona zimenezi ali mnyamata, ndipo m'mutu mwawo kubwerera kumudzi kunali kumeneko.

Bokosilo linalipo, pansi pa windo lomwelo, lofunditsidwa chinsalu. Mgodi utatsekedwa amalume anaphunzira za matabwa kwa Mpwitikizi wina wokalamba wa m'dera lomwelo, ndipo ankadya kuchokera m'kukonza mipando ndi matebulo a anthu. Matabwa a bokosilo anali a mtengo wa oki, ochokera ku kabati yakale imene anthu ena anataya kunja kwa geti. Analilumikiza popanda msomali ndi umodzi womwe, mano a thabwa ili kulowa m'mano a thabwa linzake. Linali losalala moti dzanja linkangotsetsereka. Chinatsala ndi mtundu basi. Ankafuna lide bii ngati phingo.

Ndinawauza kuti penti yakuda ili mbwee m'masitolo, ndikhoza kubwera nayo sabata yamawa. Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. Anati penti ndi chovala, mtengo umangoivala ndipo tsiku lina umavula. Iwo ankafuna kuda kochokera m'kati mwa thabwa.

Tsiku limenelo ndi limene anandionetsa ntchito ya botolo lija. Anatenga tizidutswa tiwiri, ka paini ndi ka oki, n'kutipaka madziwo ndi burashi. Sindinaone chachilendo, tinangonyowa ngati tapakidwa madzi a pampopi. Anati tidikire, kuona maso a nkhono n'kudekha. Tinakhala pansi n'kumatiyang'ana. Kunja tekisi zinkaliza mahutala, wina ankakazinga anyezi m'chipinda choyandikana. Kenako ka oki kaja kanayamba kusintha. Poyamba kanachita mbuu, kenako mtundu wa mitambo ya mvula, kenako mizere ya thabwa inayamba kuonekera yakuda, imodziimodzi, mpaka kadutswa konse kanada. Palibe anakakhudza. Zinali ngati kuona kunja kukuda uli pakhonde, sudziwa kuti kwada nthawi yanji. Ka paini kanangotuwa pang'ono n'kulekera pomwepo.

Ndinaseka n'kunena kuti amalume mwaphunzira ufiti ku Joni. Iwo anandifunsa ngati ndinasendapo nthochi zaziwisi ndi mpeni. Ndinati kambirimbiri. Anafunsa kuti mpeniwo umaoneka bwanji ndikamaliza, nanga zala zanga. Apo ndinakumbukira kuti mpeni wosendera nthochi umada ndithu, ndipo sindinadzifunsepo chifukwa chake.

Anafotokoza mwa njira yawo. Viniga ndi wowawasa, amadya chitsulo pang'onopang'ono mpaka chitsulocho chimasungunukira m'madzi, osaonekanso ndi maso. Timathovu tija ndi mpweya umene umatuluka pamene akudyanapo. Madzi akakhala atsopano amakhala oyera mobiriwira, ndipo mphepo ikawalowa kwa masiku amafiira. Koma paokha sadetsa kanthu. M'mitengo ina muli chinthu chija chimamanga m'kamwa ukaluma nthochi yosapsa kapena ukamwa tiyi wowirira kwambiri. Chitsulo chosungunukacho chikakumana nacho, pamabadwa kuda. Oki ali nacho chambiri, paini alibe. Anatenga masamba a tiyi otsala m'ketulo, kuwafinyira pa kapaini kaja, kudikira kaume, n'kukapakanso madzi a misomali. Nako kanada, ngakhale mwamanyazi.

Madziwo ankathandiza anthu ambiri m'nyumbamo. Wosoka nsapato wa pakona ankabwera ndi kabotolo kudzapempha odetsera malamba achikopa. Mayi wina wa ku Zimbabwe, amene agogo ake anali a kwathu ku Dedza, ankaviika nsalu zoyera m'tiyi kenako m'madzi amenewa, zimatuluka zotuwa bwino ngati nkhunda, n'kusoka mapilo ogulitsa. Amalume ankati kale azungu ankapangira inki yolembera makalata mwa njira yomweyi. Ankapatsa aliyense mosaumira. Koma ndikati nanga bokosi, ankanyamula botolo, kuliyang'anitsa padzuwa, n'kupukusa mutu. Ankati odetsera malamba apsa, koma a bokosi sanapse. N'kuponyamo msomali wina.

Nyengo yozizira inadutsa kawiri madzi asanapse. Ndimakumbukira masana amenewo ngati maloto aatali. Dzuwa la June ku Joni limawala koma silitentha, ndipo tinkakhala m'kachigawo kake kamene kankagwera pansi pa windo, ine pabedi, iwo pampando, fumbi la matabwa likuyandama pakati pathu. Ankandifunsa za mitengo ya kumudzi. Mtengo wa masuku wa kuseri kwa tchalitchi ulipo? Nanga mwala uja ankachapirapo amayi awo? Ndikati masukuwo anadula kalekale, ankangogwedeza mutu, ndipo sabata yotsatira ankafunsanso ngati sindinawauze. Mudzi wa m'mutu mwawo unali wosiyana ndi umene ndinachokako ine. Kunali mitengo yambiri, anthu onse anali amoyo, ndipo amayi anga anali kamtsikana kothamanga ndi ndowa pamutu. Nthawi zina ndinkalowa nawo m'mudzi umenewo n'kumasangalala. Ndikatuluka panja n'kuona nyumba zazitali za m'tauni, mkwiyo unkandibwerera, chifukwa kamtsikanako kanali katayamba kuyenda chogwira khoma.

Tsono pali khalidwe langa limene ndiyenera kuulula. Ine chinthu chosavundikira sindigona nacho tulo. Amayi anatilera kuti ndowa ya madzi, poto wa ndiwo, ngakhale kapu ya mchere, zonse zivundikiridwe, kuopa ntchentche ndi mphemvu. Ntchito ya ku Midrand inangowonjezera matendawo. Kansanza ka pabotolo kaja kanali kakundinyansa kuyambira tsiku loyamba, kofiira ndi dzimbiri, kouma gwaa. Lamlungu lina amalume anathiramo viniga watsopano ndi kawaya katsopano, n'kutsika kukapereka mpando kwa mwini wake. Ine ndinatsala ndikusesa. Ndikukonza pashelefu ndinapeza chitsekerero chenicheni cha botololo. Ndinachotsa kansanza, kukataya m'bini, n'kutseka botolo mwamphamvu zanga zonse, mpaka dzanja kuwawa. Chinsalu chofunditsa bokosi nacho ndinachitenga kuti ndikachape ku Midrand. Ndinachoka ndikudziyamikira kuti nkhalambayi ikanakhala bwanji popanda ine.

Sindinkadziwa kuti kansanzako kanali ndi ntchito. Mpweya wa timathovu tija umafuna potulukira. Amalume sabata imeneyo anali ndi ganyu yokonza zitseko ku Bertrams, ankachoka m'mawa n'kubwera atatopa, pawindo osayang'anapo. Lachitatu masana botolo linang'aluka. Madzi anayenderera pakhoma n'kugwera pa bokosi losafunditsidwa lija.

Sanandiimbire foni. Ndinazipeza ndekha Lamlungu. Nditalowa ndinamva fungo la viniga m'chipinda monse, ndipo amalume anali pampando wawo manja ali pamaondo. Bokosi analikokera pakati. Pachivundikiro chake panali chibanga chachikulu chakuda, ndipo kuchokera pamenepo mizere itatu inatsika m'mbali mpaka pansi. Kunali kuda kwenikweni, kozama, kowala pang'ono mobiriwira ngati nthenga za khwangwala. Ndinagwada pakhomo pomwepo n'kupepesa, misozi ili m'maso, ndikuti ndaononga ntchito ya zaka.

Anandisiya ndilankhule mpaka mawu anandithera. Kenako anati ndidzuke, sindinaononge kanthu. Kupala sikungathandize chifukwa kudako kwalowa m'kati, ndipo sikofunikanso. Anasisita chibangacho ndi chala.

"Waona mmene adetsera, mwanawe? Madzi aja anapsa kalekale."

Ndinawayang'ana, iwo n'kuyang'ana kumbali. Anatuluka kupita kwa wosoka nsapato uja kukatenga madzi amene anamupatsa mwezi wapitawo, n'kubwera ndi maburashi awiri. Anati timalize lero lomwe, bokosi lisakhale ngati ng'ombe yamawanga.

Tinapaka tonse awiri, iwo mbali iyi, ine mbali iyo. Masana amenewo sindidzawaiwala. Burashi inkadutsa, thabwa n'kungonyowa, ndipo tikafika kumapeto kwa mbali imodzi, kumene tinayambira kunali kutayamba kale kuda kumatitsatira m'mbuyo. Mizere ya mtengo inkatuluka ngati mitsinje yoonekera patali uli paphiri. Chibanga changa chija chinamira pang'onopang'ono mpaka sindinathenso kuloza pamene chinali. Titapaka kachiwiri, zikhadabo zathu zinali zakuda m'mbali, ndipo pakati pa chipinda panali bokosi lokongola kuposa katundu aliyense amene ndinapukutapo ku Midrand.

Ndinati tsopano ndikawauze amayi tsiku. Amalume anatsegula chivundikiro. M'kati simunapakidwe, munali moyera, mukununkhira thabwa. Anayang'anamo nthawi yaitali.

"Ndiikamo chiyani?"

Anayamba kuwerenga pa zala anthu a mbumba yawo, amene ankawadziwa ndi amene anangomva kuti anabadwa. Anati iwo ndi mwini mbumba, malume wa ana onsewo, ndipo zaka zonsezi sanatumizepo ngakhale mpango. Za kumgodi zinathera m'njira zimene sanafune kuzitchula. Zimene ankapeza pa matabwa zinkathera pakamwa ndi padenga. Anati anthu adzasonkhana pakhonde, bokosi lidzatsegulidwa, ndipo adzaona pansi pake. Ndipamene ndinazindikira kuti misomali yonse ija ankaponya m'botolo inali yogulira masabata.

Ndinati ndili ndi mabulangete awiri atsopano ndi nsalu zimene ndinkasungira ulendo wanga, atenge. Anakana. Anati sangakagawe katundu wa mwana n'kumalandira zikomo, kumeneko n'kuba. Ndinachonderera, anakanabe. Apo chifundo changa chinatha, mkwiyo wa zaka ziwiri n'kukwera. Ndinaiwala ulemu. Ndinawauza kuti amayi bulangete sangalione n'komwe, maso anatha, ndipo chimene akudikira ndi mawu a mlongo wawo pakhomo. Ndinati akapitiriza kudikira adzapita ndithu, koma kukaima pamanda ndi bokosi lawo lokongolalo, ndipo tsiku limenelo ine sindidzawapatsa moni. Nditamaliza ndinachita mantha ndi pakamwa panga. Munthu sulankhula choncho kwa malume ako. Ndinatenga chikwama n'kutuluka osatsanzika, ndipo m'tekisi ndinalira njira yonse mpaka ku Midrand.

Lachisanu amalume anandiimbira, koyamba chifikireni changa ku Joni. Sanatchule za mkangano. Anangofunsa kuti mabasi a ku Malawi amanyamuka masiku ati, ndi kuti pepala la ulendo la munthu amene pasipoti yake inatha kalekale amakatenga kuti. Zimenezo zinatitengera masabata angapo, ndipo sabata iliyonse ndinkaopa kuti asintha maganizo. Sanasinthe. Bokosi analipaka mafuta n'kulipukuta mpaka linkaonetsa nkhope.

Tinapita kokwerera mabasi pafupi ndi Park Station m'mawa wa Loweruka. Anthu anali ndi katundu wosaneneka, mafiriji, matayala, migolo, zikwama zamizeremizere zomangidwa ndi tepi. Amalume anavala jekete yawo ya kutchalitchi. M'bokosi anaikamo malaya atatu, Baibulo, sowo ndi chopalira matabwa, ndipo zonsezo zinangodzaza ngodya imodzi. Wopakira katundu, bambo wonenepa wolankhula Chizulu, anakunga mphamvu kuti anyamule chinthu cholemera, bokosi n'kungokwera lokha m'manja mwake, zitsulo zikugubuduka m'kati. Anaseka n'kufunsa kuti madala, mwanyamula mphepo ya ku Joni kodi. Anthu awiri atatu anaseka nawo. Ndinaona phazi limodzi la amalume litabwerera m'mbuyo. Ndinawagwira mkono, ndipo sindinausiye mpaka anaponda sitepe ya basi. Anakhala pawindo, maso ali kutsogolo. Basi ikunyamuka anakweza dzanja pang'ono osandiyang'ana.

Zimene zinachitika kumudzi anandiuza ndi mng'ono wanga pafoni, patapita masiku atatu. Anati amalume anafika dzuwa likupendeka, bokosi lili pa njinga ya kabaza, iwo akuyenda pambuyo. Amayi anali pamkeka pakhonde. Atamva mawu anadzuka okha, osagwira khoma, n'kuwapapasa nkhope ndi manja onse awiri, chipumi, makutu, ndevu. Anati achimwene mwakalamba, kenako anafunsa ngati adya.

Mbiri inayenda, ndipo pofika madzulo pakhonde panadzaza. Ana a mbumba, azipongozi, oyandikana nawo, ngakhale anthu amene sitilankhulana nawo. Onse maso anali pa bokosi. Ena ankalisisita n'kumati ndi phingo weniweni. Amalume anakhala pambali pake, kiyi ali m'manja, akungomutembenuza. Mng'ono wanga anati anachita kuwathandiza kutsegula loko. Chivundikiro chitakwera anthu anasuzumira, ndipo panagwa bata loti ukanamva nkhuku ikupalasa kuseri kwa nyumba.

Amayi sankaona, koma bata limenelo analimva. Anapempha kuti awasendezere bokosilo. Analowetsamo dzanja, kupapasa malaya, sowo, Baibulo, kenako pansi ponse mpaka m'ngodya. Atatero anakweza mutu n'kulankhula mokweza kuti ndi a kumbuyo omwe amve.

"Mwachita bwino achimwene, mwandimvera. Ndinawauza ndine kuti abwere nalo lopanda kanthu. Ndikufuna ndizisungiramo zovala zanga, makoswe andithera nsalu."

Anatuma mng'ono wanga kuti akatenge mtolo wa nsalu zawo kuchipinda, ndipo anayamba kuzipinda imodziimodzi n'kumaika m'bokosimo anthu onse akuona. Amayi ena anayamba kuyamikira kuti koma ndiye mlongo ameneyu amamva, ndipo nkhani inatembenukira ku makoswe a chaka chimenecho. Amalume anawerama, chipewa chili kumaso, mapewa akugwedezeka.

Uthenga uliwonse wa amayi wopita kwa amalume unkadzera mwa ine, ndipo mawu amenewo sanandipatsepo. Ndinakula ndi mayi amene ankatikwapula chifukwa cha bodza la chingwa chimodzi, ndipo sindinawamvepo akunama mpaka tsiku limenelo. Nditawaimbira mawa lake ndinafuna kuwaseka nazo, koma sanandipatse mpata. Anandifunsa za moyo mofatsa, za ntchito, za chifuwa chimene ndinali nacho mwezi wathawo, ngati ndikudya mokwanira. Anafunsa zonse, chimodzichimodzi, osathamangira kulikonse. Kenako anati ndidule foni, achimwene akufuna madzi osamba.